Ndatsuka thanki yonse, koma nsomba zikufa. Ndalakwitsa pati?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg:

"Abwana amene ndinkawagwirira ntchito, posamukira ku Cape Town, anandisiyira thanki ya nsomba yotalika masentimita 60, pamodzi ndi fyuluta, hita ndi nyali yake. Munali ma guppy 8, ma molly 4 ndi kansomba kakuda kamene kamakakamira pagalasi. Loweruka ndinaona kuti madzi ayamba kubiriwira, ndiye ndinachotsa nsomba zonse, galasi ndi timiyala ndinatsuka ndi Sunlight, siponji ya mu fyuluta ndinaichapa pampopi mpaka inayera, n'kuthira madzi atsopano amene ndinawagoneka usiku wonse. Pofika Lachiwiri madzi anachita mbuu. Pano zafa zitatu, zina zikungoyasamula kukamwa pamwamba pa madzi. Ana akudandaula. Ndalakwitsa pati? Komanso, kodi ndingaikemo mbuna za kwathu zimene ndimaziona m'mashopu?"

Mayi, pepani ndi nsomba zitatu zija. Zotsalazo zikhoza kupulumuka mukachitapo kanthu lero lomwe. Musanawerenge zambiri, chotsani nsomba iliyonse yakufa, siyani kuzidyetsa kwa masiku awiri, ndipo fyuluta izigwira ntchito osazima. Musadziimbenso mlandu kwambiri. Anthu ambiri amataya nsomba zawo zoyamba tsiku limene afuna kuzichitira zabwino, chifukwa palibe amene anawauza kuti thanki ya nsomba siitsukidwa yonse nthawi imodzi.

Nsomba imatulutsa amoniya usana ndi usiku, makamaka kudzera m'makha, ziwalo zimene imapumira zija, komanso m'ndowe zake. Chakudya chotsala chikamawola chimawonjezera amoniya wina. Amoniyayu ndi poizoni: amawotcha makha, nsomba n'kumalephera kukoka mpweya. M'nyanja madzi ndi ochuluka moti poizoniyu amasungunuka osamveka, koma m'malita 50 amadzaza m'masiku ochepa. Chimene chimapulumutsa nsomba za m'thanki ndi mabakiteriya abwino. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kupirira akakhala wochepa, ndipo timamuchotsa posintha madzi. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi. Amakakamira pa siponji, pa timiyala ndi pa makoma a fyuluta. Utoto wofiirira umene munauchapa mpaka siponji kuyera uja ndiwo unali mudzi wawo, ndipo klorini wa pampopi anamaliza otsala. Thanki yanu tsopano ili chimodzimodzi ndi yongogulidwa kumene, ndipo kuti mabakiteriya abwererenso mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6.

Mbuu mukuuonayo ndi mabakiteriya a mtundu wina amene amachulukana m'madzi zinthu zikasokonekera. Iwowa sapha nsomba mwachindunji, kungoti amadya mpweya wambiri, ndipo amatha okha pakapita masiku angapo. Musagule mankhwala oyeretsera madzi, musatsukenso thanki pofuna kuwachotsa. Mukatero mubwerera pachiyambi.

Palinso nkhani ya madzi a kuno. Madzi a m'mipopi ya ku Johannesburg amachokera ku Vaal Dam, amayeretsedwa ndi Rand Water, kenako Johannesburg Water n'kuwafikitsa m'nyumba. Kuti asaipe paulendo wautali wa m'mapaipi, amathiramo chloramine, amene ndi klorini wophatikana ndi amoniya. Klorini wamba amauluka mukagoneka madzi m'ndowa, n'chifukwa chake langizo logoneka madzi lidakalipobe pakati pa anthu. Chloramine sauluka chonchi. Akhoza kukhalamo masiku ambiri. Choncho madzi amene munagoneka aja anali adakali ndi mankhwala. Mufunika kabotolo ka mankhwala ochotsa klorini, ndipo muwerenge pachikuto kuti alembapo chloramine. Seachem Prime ndi Tetra AquaSafe amapezeka m'mashopu ambiri a ziweto. Prime ndi wamphamvu kwambiri: mamililita 5 amakwanira malita 200, ndiye kuti ndowa ya malita 20 imafuna theka la mililita basi. Gulani sirinji yaing'ono ku famase kuti muziyezera. Ubwino wake wina pa vuto lanuli ndi wakuti amamanga amoniya kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti asawotche nsomba. Madzi a kuno amakhalanso ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) yopitirira 7, ndipo pH ikakwera amoniya amaluma kwambiri. Mlingo umene nsomba ingapirire m'madzi a asidi pang'ono, kuno ukhoza kupha.

Za sopo ndingonena mwachidule. Ngakhale mutatsukuluza kangati, amatsalira m'timiyala ndipo amawononga makha ndi thelezi la pakhungu la nsomba. Sunlight, Handy Andy, zotsukira mawindo, zonsezi zisayandikire mkati mwa thanki. Wotsalayo achoka ndi kusintha madzi kumene ndikufotokoza apa, ndipo mukaika kathumba ka kaboni (makala apadera osefera madzi) mu fyuluta kathandiza.

Lero sinthani theka la madzi. Kuti mudziwe kukula kwa thanki, chulukitsani m'litali, m'lifupi ndi kuya m'masentimita, mugawe ndi 1,000. Ngati yanu ili 60 ndi 30 ndi 35, ndiye malita 63, koma mukachotsa malo a miyala ndi mpata wapamwamba mumatsala malita 50 mpaka 55. Theka lake ndi malita 25 kapena kupitirira pang'ono. Nsomba musazichotsemo. Kuzithamangitsa ndi kaukonde kumazifooketsa kuposa kuchepa kwa madzi. Mawa ndi masiku otsatira muzisintha gawo limodzi mwa magawo atatu tsiku lililonse, osatsuka fyuluta, osavundula timiyala. Tembenuzani kamwa la fyuluta kuti lizigwedeza pamwamba pa madzi, pakuti mpweya umalowera pamenepo. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo madzi kuno amasunga mpweya wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu poyerekeza ndi ku Durban. Thanki yodzaza nsomba imabanika msanga kuno, choncho kapampu ka mpweya si kokongoletsera chabe.

Gulani zoyezera madzi, makamaka za timabotolo todontheza. Timapepala toviika timanama nthawi zina, ndipo tambiri sitiyeza amoniya n'komwe. Chimene mukufuna ndi amoniya 0, nitrite 0, ndi nitrate wosapitirira 40, ngakhale kuti 20 ndiye wabwino. Amoniya kapena nitrite akafika 0.5, sinthani madzi tsiku lomwelo. Mudzaona amoniya akutsika kaye, nitrite n'kukwera, kenako nayenso n'kutsika. Onse awiri akakhala pa 0 kwa sabata yathunthu, ndiye kuti thanki yachira. Pa nthawi imene nitrite ali pamwamba, mchere umateteza nsomba: supuni yaing'ono imodzi pa malita 10, wa m'shopu ya nsomba kapena wamiyala wopanda zosakaniza, mutausungunula kaye m'kapu. Mchere suuluka, ndiye muzibwezera wa madzi okhawo amene mwatayawo.

Njira yachidule ilipo. Ngati mukudziwa wina amene ali ndi thanki yakale ya nsomba zathanzi, m'pempheni chidutswa cha siponji yake yakuda, monga timapalira moto kwa aneba. Chinyamuleni m'pepala la pulasitiki muli madzi a m'thanki yake, mukachiike mu fyuluta yanu tsiku lomwelo. Masabata 6 aja akhoza kutsika kufika imodzi kapena awiri. Mabakiteriya a m'botolo amene amagulitsa amathandiza nthawi zina, koma siponji yamoyo ndimaikhulupirira kuposa onsewo. Pakatha masiku awiri osadya aja, muzipatsa nsombazo kachakudya kochepa kwambiri kamodzi pa masiku awiri, ndipo musagule nsomba zatsopano zolowa m'malo mwa zakufazo mpaka thanki itachira, ngakhale ana atalira.

Ikachira, ntchito ya sabata ndi sabata imatenga mphindi 20 kapena 30. Mufunika ndowa yake yokha imene sinaonepo sopo (ilembeni dzina kuti wina asakolopere), kapaipi kokokera madzi kokhala ndi chubu chachikulu kumapeto kwake, ndi siponji yatsopano yopanda mankhwala kapena khadi lakale la ku banki lopalira galasi. Yambani ndi kuzula hita kumagetsi, mudikire mphindi 15. Hita yotentha ikatsala pamtunda kapena ikakumana ndi madzi ozizira imasweka. Zimitsaninso fyuluta ngati madzi atsike kupitirira kamwa lake. Palani ndere pagalasi, mosamala kuti kamchenga kasalowe pakati n'kukanda, ndipo m'makona musakolope mwamphamvu chifukwa silikoni yogwira magalasi ili mmenemo. Kenako lowetsani chubu chija m'timiyala: timiyala tizivina m'chubumo, litsiro n'kumapita m'ndowa. Sabata ino chitani mbali imodzi, sabata yamawa mbali inayo. Musayambitse paipi pokoka ndi pakamwa. Idzazeni madzi, mutseke ndi chala, mutsitsire kumapeto kwake m'ndowa. Malita 15 akatuluka, imani. Kwa thanki yanu ndiwo mlingo wake, pakati pa 25 ndi 30 peresenti.

Madzi atsopano athireni mankhwala ali m'ndowa momwemo, asanalowe m'thanki, ndipo kutentha kwake kusasiyane ndi kwa m'thanki kupitirira madigiri awiri. M'nyengo yozizira madzi a pampopi amakhala ozizira kwambiri, choncho sakanizani ndi a m'ketulo pang'ono mpaka afanane. A mu giza ndi bwino kuwapewa, chifukwa akhoza kukhala ndi kopa ndi zinyalala za m'thanki yake. Thirani pang'onopang'ono pa kambale kapena padzanja kuti musafukule pansi. Dziwaninso kuti kuwonjezera madzi pamene aphwa sikusintha madzi. Chimauluka ndi madzi okha, nitrate amatsala n'kumaunjikana, ndipo poti mpweya wa kuno ndi wouma m'miyezi yozizira, thanki imaphwa msanga, munthu n'kumaganiza kuti akusamala chonsecho akungothira pamwamba.

Fyuluta imatsukidwa kamodzi pamwezi, kapena mukaona kuti madzi akutuluka mofooka. Tengani siponji muifinye katatu kapena kanayi m'madzi akale amene mwatulutsa m'thanki aja, muibwezere idakali yofiirira. Basi. Ikayamba kunyenyeka, iduleni pakati, musinthe theka, theka linalo mudzasinthe pakatha mwezi. Thonje loyera lapamwamba mukhoza kulitaya likada, ndipo kaboni amatha mphamvu pakapita masabata 3 kapena 4. M'thanki yathanzi safunikanso nthawi zonse. Fyuluta ikayamba kulira kapena kukana kuyaka, kawirikawiri vuto limakhala kachinthu kamapiko kozungulira ka mkati mwa mota. Kasololeni, muchotse thelezi ndi tiulusi ndi mswachi wakale wopanda mankhwala, mukabwezere. Anthu amataya mafyuluta abwinobwino chifukwa cha kachinthu kameneka.

Chizolowezi chimodzi chimene ndimachiletsa kwambiri ndi kuzimitsa fyuluta usiku pofuna kusunga mayunitsi. Fyuluta yaing'ono ya mawati 5 siidya mayunitsi opitirira 4 pamwezi wonse, pomwe mabakiteriya aja akasowa madzi oyenda amayamba kufa. Chozimitsa usiku ndi nyali.

Tibwerere ku kubiriwira kumene kunayambitsa zonsezi. Ndere imakula ndi kuwala ndi chakudya chotsala. Nyali iziyaka maola 6 mpaka 8 patsiku, osapitirira, ndipo thanki isakhale pamene dzuwa la pawindo limafika. Ngati madzi enieniwo ndi amene abiriwira, phimbani thanki ndi nsalu yakuda kwa masiku 3 kapena 4, nyali yozima, pampu ikuyendabe, kenako musinthe madzi. Ndere yofiirira yooneka ngati fumbi imabwera m'thanki yatsopano, ndipo mwina muiona masabata akubwerawa. Imapukutika mosavuta ndipo imatha yokha. Zoyera zouma za m'mphepete mwa galasi ndi pachivundikiro zimachoka ndi kansalu konyowetsa viniga, bola asadonthere m'madzi. Ndere pang'ono pamiyala siivulaza nsomba, ma molly amaidya ndithu.

Pa chakudya, lamulo ndi lakuti chithe m'mphindi ziwiri, kamodzi patsiku, ndipo tsiku limodzi pasabata zigone ndi njala. Nsomba zimapempha nthawi zonse munthu akayandikira, zakhuta kapena ayi. M'nyumba ya ana, botolo la chakudya likhale pamwamba, ndipo wodyetsa akhale mmodzi. Kansomba kakuda kaja mwina ndi pleco. Sikadya ndowe za zinzake monga ena amanenera, kamafuna chakudya chake chomira ndi kachidutswa ka nkhaka kapena zukini nthawi zina. Funsani ku shopu kuti ndi mtundu uti. Wa ndevu pamphuno amathera pa masentimita 12 mpaka 15, koma pleco wamba amapitirira masentimita 30, ndipo thanki yanu siingamusunge.

Ma guppy ndi ma molly amafuna madigiri 24 mpaka 26. Usiku wa mu June ndi July kuno kumazizira mpaka pafupi ndi 0, ndiye hita ya mawati 50 ikhoza kulephera m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Pamenepo ya mawati 75 kapena 100 ndiyo yoyenera. Musadalire manambala a pa hita, ikani choyezera kutentha mbali ina ya thanki muzichiyang'ana m'mawa uliwonse. Magetsi akazima, maola awiri sakhala vuto. Akapitirira, fundikani thanki ndi bulangete, muyandamitsemo botolo la madzi ofunda lotseka bwino, ndipo musadyetse. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena power bank ndi kotchipa, ndipo m'mzinda uno aliyense woweta nsomba ayenera kukhala nako. Ngati mulibe, tungani madzi ndi jagi muziwathira kuchokera m'mwamba kangapo pa theka la ola lililonse. Fyuluta yotsekeka ikakhala yozima maola ambiri, madzi a mkati mwake amaipa. Itsanuleni, mufinye siponji m'madzi a m'thanki musanaiyatse. Chingwe chilichonse chizilendewera kutsika kupitirira soketi kenako n'kukwera, kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi osati m'magetsi.

Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, oyamba kubwera amakhala ofiira ndi amatope. Asiyeni ayende mpaka ayere, ndipo ngati n'kotheka dikirani tsiku limodzi musanawagwiritse ntchito. Chigubu cha malita 20 chosungira madzi a nsomba zokha chimathandiza pa nthawi zotere. Madzi a mvula otsika padenga ndi a pachitsime musawathire musanawayeze. China chimene chimapha nsomba mwadzidzidzi m'nyumba zambiri ndi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu monga Doom. Mukafuna kupopera, zimitsani pampu ya mpweya, phimbani thanki bwinobwino, mudzaivundukule chipinda chitapitidwa mphepo. M'manja mwa mafuta odzola musaviike m'thanki.

Tsono za mbuna. Mtima wofuna kuona nsomba za ku nyanja yathu m'nyumba ndikuumvetsa, koma m'thanki iyi ayi. Mbuna ndi nsomba za m'matanthwe, yamphongo iliyonse imateteza mphanga yake, ndipo ma guppy anu zingawadule zipsepse m'masiku ochepa. Zimafuna thanki yotalika masentimita 120, ya malita 200 kapena kuposa, yodzaza miyala yosanjikiza, fyuluta yamphamvu, madigiri 24 mpaka 28, ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6 monga ya Nyanja ya Malawi. Pa mbali ya pH madzi a kuno sali kutali, ndipo mchenga wa makorali mu fyuluta umakweza ikachepa. Zambiri mwa izo m'chilengedwe zimadya ndere ya pamiyala, choncho chakudya chawo chikhale cha masamba monga cha ndere yotchedwa spirulina. Cha nyama chikachuluka zimatupa mimba n'kufa. Ngati mudzapeze malo ndi ndalama, yambani ndi zachikasu zotchedwa Labidochromis caeruleus, zimene ndi zofatsirapo. Koma thanki yaing'onoyi iyende kaye bwino miyezi ingapo.

Nsomba zimene zadutsa m'mavuto otere zimagwidwa matenda mosavuta, ndiye muziziyang'anitsitsa. Timadontho toyera ngati mchere pathupi, nsomba n'kumadzikanda pamiyala, ndi matenda ofala amene amachizika mukafulumira: kwezani kutentha pang'onopang'ono kufika madigiri 28, chotsani kaboni mu fyuluta chifukwa amayamwa mankhwala, mupereke mankhwala ake monga alembera, ndipo mupitirize masiku angapo madontho atatha, popeza kachilomboko kamafa pokhapokha katachoka pansomba n'kumayandama. Musathire mankhwala ongoganizira. Ambiri amaphanso mabakiteriya amene mukuvutika kuwabwezeretsawa.

Funani thandizo ngati nsomba zikupitiriza kufa pomwe amoniya ndi nitrite ali pa 0, ngati mwaona zilonda, zoyera ngati thonje, kapena nsomba yotupa mamba ataima. Tengani madzi m'botolo loyera ndi kanema wa pafoni mupite ku shopu yodziwa za nsomba, osati yongogulitsa chakudya cha agalu, ndipo akayeza muwauze akupatseni manambala, asangoti madzi ali bwino. Alipo madokotala a ziweto amene amaona nsomba, ndipo a ku shopu yabwino amawadziwa. Mukaona galasi lachita mng'alu kapena silikoni ikumatuka, tsitsani madzi mpaka pansi pa malowo, musamutsire nsomba m'chidebe pamodzi ndi fyuluta, ndipo musanyamule thanki muli madzi, chifukwa lita imodzi ndi kilogalamu imodzi ndipo pansi pamathyoka. Inunso mudzisamale: ngati muli ndi bala padzanja valani magolovesi, ndipo kachotupa kapena kachilonda kapadzanja kakakana kupola kwa masabata, pitani ku chipatala mukawauze kuti mumaweta nsomba, chifukwa alipo mabakiteriya a m'thanki amene amalowa pabala.

Zakufazo zikulungeni m'pepala muzitaye mu bini kapena muzikwirire, osati m'chimbudzi. Pleco akadzakula kapena ma guppy akadzaswana mopitirira, mukawabweze ku shopu kapena mupatse wina wa thanki yaikulu. Kukawataya mu mtsinje wa Jukskei, ku Zoo Lake kapena m'damu lililonse kumawononga nsomba za m'dziko muno, ndipo malamulo a zachilengedwe a South Africa amaletsa.